Chaka Chimene Tiyi Ananunkha Nsomba

Anthu akamakamba za njala amakamba za dzuwa, za chimanga chofota ndi mitsinje youma. Njala yathu ya chaka chimenecho inabwera ndi madzi. Ku Thyolo kuno mvula siisowa, koma imeneyo inanyanya, moti ife a pa komboni ya esiteti tinangochitcha chaka cha chuku. Inali nthawi ya Azungu, fakitale ya tiyi itangomangidwa kumene, dzombe lisanafike. Ine ndinali ndi ana awiri, munda umodzi, ndi mwamuna wosadziwa kunena kuti ayi. Anapita kale kwa Mulungu amuna angawo, agone bwino, koma ndikakumbuka chaka chimenecho mtima umandipsabe.

Novembala

Tinabzala mvula yoyamba itangogwa. Munda wanga unali kuseri kwa komboni, pamalo otsetsereka pamene ndinazula zitsa ndekha ndi khasu, mwana ali kumsana. Ndikuti munda wanga, koma nthaka inali ya esiteti. Ife Alomwe tinabwera kuchokera kwa Apwitikizi tilibe ngakhale pobzala tsabola, ndiye lamulo aliyense ankalidziwa: ukamagwira ntchito ya Mzungu, nyumba ndi munda ndi zako, tsiku limene ntchito yatha, usamuke, ndipo zam'munda sizikutsatira.

Chimanga cha chaka chinacho chinali chitatha kale, pakuti sichinabereke bwino. Tinkadalira makaka, chinangwa chouma chija, amene ndinadzaza m'nkhokwe, ndiponso phoso la Loweruka, ufa ndi tinyemba ndi kamchere zimene antchito ankalandira ku ofesi. Ndinaona kuti tikapirira ndi zimenezi mpaka Epulo, munda uja udzatiwombola.

Mwezi womwewo amuna anga a Mulipa anawachotsa kotchola tiyi n'kuwaika ku sitolo. Sitoloyo inali nyumba yaitali ya njerwa ndi malata pafupi ndi fakitale, mosungira tiyi wopangidwa kale podikira ulendo wa ku sitima ku Luchenza. Ntchito yawo inali imodzi basi: tiyi asagwire chinyezi. Anabwera kunyumba akumwetulira ngati awalonga ufumu.

"Mayi a Elisa, mvula ya chaka chino ine sindinyowa nayo," anatero.

"Zikomo kwambiri," ndinatero ine. "Ife tizinyowa m'malo mwanu."

Disembala

Mmawa nkhungu, masana mvumbi, madzulo mvula ya mabingu, mawa lake chimodzimodzi. Mchere unasungunuka wokha m'chikho. Mphasa inamera ubweya kunsi kwake. Matewera a Yakobe, mwana wanga wakhanda, ndinkawayanika m'nyumba pamwamba pa moto, ndipo ankauma mbali imodzi ina ikunyowa. Akulu anati walira mvula walira matope, koma ife sitinailire n'komwe.

Masana ndinkawapititsira chakudya amuna anga, choncho ndinaona ndi maso angawa mmene ankalerera tiyi. Mabokosi sankagunda pansi, ankakhala pa mitanda ya bulugamu, ndipo sankakhudza khoma. Makomawo anawapaka laimu mbuu. M'mipata ya zitseko ndi kunsi kwa malata anatsekamo ziguduli. Pakati pa mizere ya mabokosi panali mbaula za migolo yoboolaboola, ndipo makala ake a Mulipa ankayamba awayatsira panja mpaka utsi wonse utatha, kenako n'kulowa nawo ali psuu. Nkhungu ikatsika, atseke zitseko. Kadzuwa kakasuzumira, atsegule. Malata akayamba kudontha thukuta, asunthe mabokosi. Munthu wamkulu ndi ndevu zake kukhalira kuthamanga uku ndi uku chifukwa cha masamba ouma, pamene ana ake akugona pa mphasa yonyowa.

Woyang'anira fakitale anali Mzungu amene tinkamutcha Chimphuno, chifukwa chilichonse ankayamba wachinunkhiza. Iyeyu anaika malamulo ake: m'sitolo musalowe fodya, musalowe ndiwo, musalowe munthu wodzola mafuta. Ati tiyi amamwa fungo la chilichonse chimene wagona nacho pafupi, ndipo akamwa salavula. Ndiye amuna anga ankadyera pakhonde, n'kusamba m'manja ndi phulusa asanalowenso. Anandiletsa ngakhale kuwapaka mafuta a nsatsi m'mapazi mong'ambika. Ndikunena zimenezi kuti wina asadzati a Mulipa sankadziwa. Ankadziwa bwinobwino.

Msewu wa ku Luchenza unasanduka phala, ngolo ndi malole zikungotitimira. Tiyi sankachoka, ankangowunjikana, wina m'mabokosi okhomera kale, wina m'zimabokosi zazikulu zosatseka akudikira kuti amupakire. Makala ankabwera matumbamatumba. Kunyumba kwathu nkhuni zinkalira madzi pamoto, utsi uli tolo m'nyumba, Yakobe akutsokomola.

"Bambo a Elisa," ndinatero tsiku lina, "timakala tochepa chabe, ta m'manja. Mwanayu afa ndi utsi."

"Makala amenewo si anga."

"Nanga chifuwa cha mwanayu n'cha yani?"

Anagwada pamafuwa n'kuyamba kuuzira nkhuni zanga zonyowazo mpaka misozi ili mbwembwembwe, ngati kuti vuto linali loti ine sindidziwa kuuzira moto.

Januwale

Tsiku limene ndinafika pakati pa nkhokwe, fungo linandibweza m'mbuyo. Makaka oyera aja anali atabiriwira, ena akuda bii, ofewa ngati nthochi yakupsa. Ndinakhala pansi m'matope momwemo n'kuyamba kusankha limodzilimodzi, kupala ndi mpeni, kutaya. Pa nkhokwe yonse ndinapulumutsa dengu limodzi. Nyumba iliyonse ya pa komboni inali chimodzimodzi, moti kudzala kunali kubiriwira ndi chakudya cha anthu, nkhuku zomwe zikuchilambalala.

Phoso nalo linayamba kubwera la mibulumibulu, lowawa. Nyumba yosungira phoso inali ya udzu, yodontha, ndipo mbaula munalibe ngakhale imodzi, zonse zinali kwa tiyi. Chitini chopimira ufa chinayamba kuoneka chofupika, kaya anachidula mlomo kaya ndi maso athu a njala, sindidziwa. Ati kwa Mmwenye ku Bvumbwe chimanga chilipo, koma opitako ankabwera ndi nkhani yoti mtengo umakwera usanamalize kufunsa. Nkhuku yathunthu inkagula kalichero ka makaka, ndipo mwini makaka ankayamba waikweza nkhukuyo m'manja n'kuinyoza kuti njowonda. Mphekesera ndiye zinali mbwee. Ena ati boma litumiza chimanga pa sitima. Ena ati mlatho wakokoloka, sitimayo siibwera. Ena ati Azungu ndi amene atsegula mvulayi dala kuti tiyi aphuke, ndipo kunena zoona tiyi ankaphuka ngati wamisala, anthu akutchola ndi mimba zopanda kanthu.

Woyamba kubwera anali mayi a Losi, mnansi wathu wamasiye wa ana atatu. Anafika chakumadzulo ndi kathumba ka makaka ndi kamphika ka mbewu ya nandolo, nakhala pansi patali ndi amuna anga.

"Bambo a Elisa, izi ndi zimene zatsala. Zikagona m'nyumba mwanga sabata ina, ndataya ana. Ku sitolo kuja kuli moto, kuseri kwa mabokosi sikungapezeke kamalo?"

A Mulipa anakanda m'mutu, nayang'ana pansi, nati, "Tiona." Ine ndinkawadziwa amuna anga. Akati tiona ndiye kuti avomera kale.

Sindinakwiye nazo zimenezo, mayiyo anali pa mavuto enieni. Ndinangoti basi, njira yapezeka. Mmawa ndinatulutsa dengu lathu lija n'kuliika pakhomo.

"Mutengenso ili."

"Zathu ayi."

"Chifukwa?"

"Za anzathu ndikungothandiza. Ndikaika zanga ndiye kuti ndikudyerera ntchito ya Mzungu. Anthu adzati chiyani?"

"Adzati ana a Mulipa akudya."

"Simukumvetsa, mayi a Elisa."

Zoonadi sindinamvetse, ndipo mpaka lero sindimvetsa. Ananyamula kathumba ka mayi a Losi, nakaphimba ndi thumba la makala lopanda kanthu, nalidumpha dengu langa pakhomo n'kumapita. Ndinatenga khasu n'kupita kukapalira mvula ikundimenya, kuti ndisatulutse mawu oti ndikalape nawo ku tchalitchi. Dengu lija tinadya theka, theka lina linatsatira anzake kudzala.

Febuluwale

Chinsinsi cha pa komboni chimakhala cha anthu onse kupatula Mzungu. Anayamba kubwera mmodzimmodzi, uyu ndi makaka, uyu ndi mbewu ya mapira, uyu ndi mchere. Aliyense ankayamba ndi moni wautali wa Chilomwe, kenako n'kufukula ubale wa kutsidya kwa Ruo umene ine ndinali ndisanaumvepo. Mkulu wina wa mpingo anabweretsa jekete lake la Lamulungu, ati layamba mawanga. Akazi awo a Kapitawo anatumiza mphika wa nyemba, ndiye Kapitawo mwini wake akalowa m'sitolo maso ake ankangoyang'ana kudenga. Kuseri kwa mabokosi a tiyi kunasanduka nkhokwe ya komboni yonse, kupatula nyumba ya munthu wosonkha motowo.

Ife tinagwera kalongonda. Amene sanadyepo asaseke. Nyemba zimenezi umaziphika kuyambira mmawa mpaka dzuwa kupendeka, ukutaya madzi n'kuthira ena, ukutaya n'kuthira ena, apo ayi mutu umazungulira ngati waledzera ndipo mwana akhoza kukufera m'manja. Ndiye taganizani kuphika tsiku lonse ndi nkhuni zonyowa, mwamuna wako atakhala pakati pa matumba a makala. Elisa anawonda, tsitsi n'kuyamba kufiira. Yakobe ankayamwa n'kusiya bere n'kundiyang'ana ngati ndamunamiza.

Chimene chinkandigwira mtima ndi munda. Poti unali potsetsereka, madzi sankaima m'mizere, ndipo pamene chimanga cha anzanga a m'dambo chinali chachikasu, changa chinali bii, ngayaye zitatuluka, china chitabereka ziwiriziwiri. Ndinkapitako tsiku lililonse ngakhale ndilibe chochita, kukangochiona.

"Mukagwidwa, munda uja wapita," ndinawauza amuna anga. "Mukudziwa zimenezo?"

"Makaka sanunkha, mayi a Elisa. Palibe adzadziwe."

Mwina akanapulumukadi, pakanapanda a Nakhumwa. Awa anali atsibweni awo a Mulipa, mlongo wawo wa amayi awo. Analibe ntchito, analibe munda, ankakhalira kutsika kuchigwa kwa Shire kudzera ku Masambanjati kukatenga nsomba zodzasinthitsa kuno kumtunda. Kwathu munthu ukhoza kutsutsana ndi bambo ako okubala, koma atsibweni ndiwo mwini mbumba. Iwowa ndi amene anawaolotsa a Mulipa pa Ruo ali mwana, atawanyamula paphewa, ndipo ndi amene anakamba za ukwati wathu. Zimenezi sankalola kuti munthu aiwale.

Anafika kumapeto kwa mwezi ndi mtolo wa milamba yowamba, itayamba kale kufewa, ntchentche zikuwaperekeza.

"Mphwanga," anatero atakhala pa mpando wokhawo umene tinali nawo, "ndamva kuti uli ndi nyumba ya moto."

Ine ndinali pakhomo ndikusenda kalongonda. Ulemu ndinkaudziwa, koma pakamwa panatseguka pokha. "Atsibweni, nsomba ayi. Nsomba zimanunkha, ndipo tiyi uja amakoka fungo."

Sananditembenukire n'komwe. "Mphwanga, kodi pakhomo pano amayankha ndani?"

A Mulipa anakanda m'mutu. Anayang'ana pansi nthawi yaitali, ine ndikupemphera chamumtima kuti kamodzi kokha m'moyo wawo atulutse mawu aafupi aja.

"Tizikulunga bwino m'masamba a nthochi," anatero.

Alendo atachoka ndinawalankhula mpaka mawu anandithera. Ndinawauza kuti chifundo chinapha nkhwali. Ndinawakumbutsa za mafuta a nsatsi amene anandiletsa, za phulusa losamba m'manja, za dengu langa limene analidumpha. Iwo anangoti, "Ndi atsibweni anga. Ndi masiku ochepa chabe." Anakulunga nsombazo m'masamba a nthochi, nakulunganso m'chiguduli, ndipo pofuna kuti ziume msanga zichoke msanga, anakazipachika pa mtanda wa denga, pamwamba penipeni pa mbaula. Aliyense amene anawambapo mlamba akudziwa chimene umachita ukamva kutentha.

Malichi

Maungu anayamba kupsa, njala n'kumasula dzanja pang'ono. Chimanga chachiwisi ndinkangothyola chochepa cha ana, chifukwa ndinkafuna chiume chonse tidzaone ufa weniweni. Masiku ochepa a atsibweni aja anasanduka masabata. Ati akudikira kuti nsomba zisowe kaye, kuti adzasinthitse bwino.

Malaya a amuna anga anayamba kubwera ndi fungo.

"Mukununkha mlamba," ndinawauza.

Ananunkhiza mkono wawo. "Ine sindikumva kanthu."

"Simungamve, mumakhala momwemo. Kachotseni lero."

"Atsibweni anati abwera Loweruka."

Loweruka silinafike. Chimphuno anali ndi chizolowezi chake cholawa tiyi: ankandandalika timakapu toyera, n'kumapsontha apa n'kulavula, apa n'kulavula. Tsiku lina ine ndinali pakhonde la sitolo ndi mbale ya amuna anga pamene ndinamuona akutuluka m'fakitale, kapu ili m'manja, nkhope ili psuu, Kapitawo akuthamangira pambuyo pake. Sanafunse munthu. Analowa m'sitolo mphuno ili patsogolo, nadutsa mzere woyamba, nadutsa wachiwiri, nakaima pa chibokosi china chosatseka. M'mphepete mwake munali dontho la mafuta lili noninoni. Anapaka chala, nanunkhiza, nakweza maso kudenga.

Anatulutsa zonse pabwalo. Inali nthawi yopimitsa masamba pa sikelo, ndiye anthu onse otchola analipo ndi madengu awo kumsana. Mulu unakula anthu akuona: matumba a makaka, timiphika ta mbewu, zikho za mchere, mabulangete, jekete la mkulu wa mpingo, mphika wa nyemba wa kwa Kapitawo, ndipo pamwamba pa zonse mtolo wa atsibweni ukudontha. Chimphuno anakuwa m'Chizungu, Kapitawo namasulira maso ali kumbali.

"Bwana akufunsa kuti katunduyu ndi wa yani."

Mkulu wa mpingo ankayang'ana zala za kumapazi kwake. Ine ndinayang'ana nkhope iliyonse, mmodzimmodzi, ndipo palibe amene anakumana nane maso.

"Zonse ndi zanga, bwana," anatero a Mulipa.

Zawo! Munthu amene pa mulu wonsewo panalibe ngakhale khaka limodzi la m'nyumba mwake. Jekete lija likanawafika m'mawondo. Ndinamva manyazi, ndinamva chisoni, ndinamva ukali, zonse nthawi imodzi, koma ukali ndiwo unachuluka.

Tiyi yense wa m'zimabokosi zosatseka anamutaya kudzenje. Chigamulo sichinachedwe: ntchito yatha, ndipo likamadzafika Lamulungu tikhale titachoka pa esiteti. Chimphuno atangolowa m'fakitale, anthu anayamba kuyandikira mulu uja chammbalichammbali, aliyense kutola chake n'kubisa m'dengu la masamba. Katundu wa a Mulipa anatha pabwalo mwini wake ataima pomwepo manja lende. A Nakhumwa anatulukira madzulo ake, namasula mtolo wawo, nadandaula kuti milamba ina yathyoka michira.

Ine ndinapita kwa Kapitawo, ndinagwada, chinthu chimene sindinkachita wamba.

"A Kapitawo, chimanga changa chatsala pang'ono kuuma. Tisiyeni tikolole, kenako tichoka."

"Lamulo si langa, mayi."

"Nanga nyemba zija zinali za yani?"

Anatembenuka n'kuyamba kukonza chingwe cha sikelo chimene sichinali chomasuka. "Lamulungu, mayi. Musandivute."

Epulo

Achemwali anga anakwatiwa cha ku Masambanjati, pa malo a mfumu, ndipo anati tibwere tidzapanikizane. Ndi kutali, kukwera ndi kutsika, njira ili tereretere. Tinalowa m'munda n'kuyamba kuthyola chimanga njere zikadali zofewa, ine ndikulira ndi ukali pa phesi lililonse. Koma mutu wa munthu umasenza zochepa, ndipo panalinso miphika, mphasa ndi ana. Tinkanyamuka m'bandakucha n'kubwerera dzuwa litapendeka.

Anthu amene ana awo anadya makaka ouma chifukwa cha amuna anga ankatiyang'anira m'mipata ya zitseko. Sindikuti anali oipa mtima onse. Ankaopa kuti Kapitawo akawaona akutithandiza, mawa minda yawo ndi imene ipite. Koma kuopa kwawoko sikunandisenzere dengu. Mayi a Losi okha ndi amene anabwera tsiku lomaliza, nasenza dengu limodzi mpaka pa mabulugamu a m'malire a esiteti, nalitula, nandigwira dzanja, n'kubwerera chothamanga.

Lamulungu linafika mbali yaikulu ya munda ikadali chiimire. Chimanga chabwino kuposa china chilichonse chimene ndinalimapo, tinachisiya pomwepo.

Kwa achemwali, a Mulipa anakumba dzenje, namanga thandala pamwamba pake, natentha makala awoawo kuthengo, n'kumakhalira kutembenuza zimanga zathu zonyowazo monga ankachitira ndi mabokosi a Mzungu. Ntchitoyo ankaidziwa, sindingawanamizire. Koma chambiri chinali chitatentherana kale m'madengu, ndipo chuku chinatitsatira mpaka kumeneko. Chimene chinapulumuka sichikanatifikitsa ngakhale mu Ogasiti. Mwezi wonsewo ndinkawalankhula mawu a ntchito okhaokha: madzi awo, chakudya icho, mwana akulira.

Meyi

Mvula inakata ngati sinalakwe kanthu. Kumwamba kunayera, dzuwa lili phwee, mapesi akuuma m'minda ya eni ake. Ndili pamsewu ndikugulitsa timaungu ta achemwali, mayi wina wa ku komboni anandinong'oneza kuti munda wanga anaupereka kale. Ndinafunsa kuti kwa yani. Anazengereza, kenako anati kwa a Nakhumwa. Ati analembedwa ntchito ya ulonda, ndipo ati kwa Kapitawo anadya milamba sabata yathunthu.

Sindinakhulupirire mpaka ndinapita ndekha. Ndinawapeza atakhala pakati pa munda wanga, akusenda makoko, pambali pawo pali mulu wa chimanga chouma gwa, choyera, njere zake ngati mano a mwana. Atandiona anasangalala kwabasi.

"Mayi a Elisa, mwatiyendera. Ana ali bwanji? Munda uwu ndi wachonde, ndaona kuti ukanapita kwa mlendo zikanakhala zomvetsa chisoni, ndiye ndati ukhale m'banja momwemu." Anasankha tizimanga tingapo tating'onoting'ono n'kundipatsa. "Iti n'ta adzukulu anga. Ndipo mukamuuze mphwanga abwere adzandilukire nkhokwe mvula ya chiperoni isanayambe, ine msana ukundivuta."

Ndinalandira ndi manja awiri, chifukwa ndinaleredwa. Njira yonse yobwerera ndinkayankhula ndekha ngati wopenga, koma pansi pa mtima ndinali ndi kachimwemwe kena. Ndinati lero lokha a Mulipa apsa mtima. Lero lokha ndimva mawu aja. Ndinawafotokozera zonse, osasiya ngakhale za msana, n'kuwaponyera tizimanga tija pamiyendo. Anatitola, natiyang'ana.

Mmawa ndinadzidzimuka ndi phokoso la mwala. Anali panja akunola chikwanje.

"Mukupita kuti?"

"Kukadula nsungwi."

"Za nkhokwe ya yani?"

"Chiperoni chikabwera chimanga chija chiwonongeka, mayi a Elisa. Ndi atsibweni anga."

Ndinawayang'ana munthu ameneyu, bambo wa ana anga, ndipo ndinaona kuti ndikhoza kukuwa mpaka kumwalira, iwo adzangokanda m'mutu. Ndinasiya ana kwa achemwali, ndinatenga madengu awo awiri aakulu kwambiri, lina mkati mwa linzake, n'kuwatsatira pambuyo. Anacheuka kamodzi, naona madenguwo, osafunsa. Lamulo linati tisagone pa esiteti, silinati tisapondeko.

Titafika, amuna anayamba ntchito yawo, a Mulipa akung'amba nsungwi, a Nakhumwa atakhala pamthunzi akulangiza. Ine ndinapita molunjika pa mulu uja, dzuwa lili pamutu, anthu a pa komboni akuona. Sindinathamange ndipo sindinabise. Ndinasankha zikuluzikulu, zimene ndinkazidziwa kuyambira zili ngayaye, n'kudzaza dengu loyamba mpaka pakamwa. Ndinayamba lachiwiri.

"Mayi a Elisa," anatero a Nakhumwa ataimirira, msana utachira mwadzidzidzi, "chimanga chimenecho mukupita nacho kuti?"

"Ndikukachisunga pouma, atsibweni. Kuno kuli chinyezi."

"Mphwanga, ukuona zimene akuchita mkazi wakoyu?"

A Mulipa sanadzutse mutu. Anapitiriza kuluka, nsungwi pamwamba, nsungwi pansi, mpaka nkhokwe ya atsibweni awo inatha bwinobwino, yolimba, yosalowa mphepo. Ndiyeno anapukuta manja, natsazika mwaulemu wonse, nabwera pamene ndinaima ine ndi madengu anga awiri, mutu uli umodzi.

Munda uja sitinauonenso. Koma dengu lachiwiri analisenza iwo, atsibweni awo akuwaitana kumbuyo mpaka mawu anasasa, ndipo sanalitule mpaka ku Masambanjati.